Khadi la mphatso: ndalama sizikhala m'pulasitikimo



Sabata yotsatira Eid, mayi wina amene mwana wake ali Fomu 3 anandipeza ku ofesi ya aphunzitsi atagwira envulopu m'manja. Mkatimo munali khadi lapulasitiki, kukula kwake ngati la ATM, pamwamba polembedwa $100. Mlongo wawo amene amakhala ku America anapatsira munthu wobwera kuno kuti ikhale mphatso ya ana. Mayiwo anali atazungulira nalo kale m'tauni. Makina a ATM a mabanki awiri analilavula, m'sitolo ina linakananso. Funso lawo linali lalifupi: "Aphunzitsi, kodi achimwenewa atipusitsa, kapena wopatsiridwayo wadyamo?"

Palibe amene anapusitsa mnzake, ndipo palibe amene anadyamo. Titatembenuza khadilo tinapeza tizilembo ting'onoting'ono kumbuyo, tonena kuti limagwira ntchito ku United States kokha ndiponso kuti silitulutsa ndalama pa ATM. Ndalama zinalipo zonse, kungoti zinali ku America. Chimene chinandikhudza n'chakuti munthu wosalakwa anatsala pang'ono kutchedwa wakuba chifukwa cha chinthu chimene tonsefe sitinaphunzitsidwepo. Makhadi amenewa ayamba kufika m'makomo mwathu kuchokera ku Joni, ku UK ndi ku America, ndipo anyamata ena a pasukulu pano amagula manambala ake pa WhatsApp. Choncho tiyeni tione mmene amagwirira ntchito, makamaka nkhani ya kutsegula khadi musanaligwiritse ntchito, imene pa khadipo amalemba kuti activate.

Tiyambire pa zimene tikudziwa kale. Mayunitsi okanda amafika kwa wogulitsa wa pamsewu ali amoyo kale. N'chifukwa chake amawasunga m'thumba la mkati, ndipo akagwetsa limodzi, wotola amangokanda n'kuthira. Khadi la mphatso silili choncho. M'masitolo akuluakulu a ku Johannesburg kapena London, makhadi amenewa amangokolekedwa poyera, mazanamazana, pafupi ndi pomwe pali masiwiti, popanda mlonda. Munthu atatenga makhumi awiri n'kuthawa nawo, wangoba mapulasitiki. Khadi lililonse lili ndi nambala yakeyake, ndipo nambalayo inalembedwa mu kompyuta ya kampani imene inatulutsa khadilo. Pambali pa nambalayo, mu kompyutamo, pamakhala ziro mpaka munthu atalipira. Ndalama zimakhala m'kaundula ameneyu. Pulasitikiyo ntchito yake ndi kungonyamula nambala.

Kale masitolo a ku America ankagulitsa mapepala olembedwa mtengo, oti munthu akapatse mnzake ngati mphatso. Makina okopera mapepala amitundu atachuluka, anthu anayamba kudinda awoawo. M'zaka za m'ma 1990 masitolo ena, monga Blockbuster imene inkabwereketsa mafilimu, anayamba kugwiritsa ntchito makhadi apulasitiki amene mtengo wake umasungidwa mu kompyuta. Kutsegula khadi kunabwera ngati njira yotsekera mbava khomo.

Makhadiwa alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a sitolo imodzi kapena kampani imodzi, monga a Amazon, Apple, Google Play kapena sitolo ya zovala, ndipo amagula zinthu kumeneko basi. Ena amakhala ndi chizindikiro cha Visa, Mastercard kapena American Express, ndipo amalandiridwa m'masitolo ambiri. Amtundu wachiwiriwa ndi amene amasokoneza anthu kwambiri chifukwa amafanana ndendende ndi khadi la ku banki: manambala 16 kutsogolo pa la Visa kapena Mastercard, mwezi ndi chaka chothera, manambala atatu kumbuyo. Koma alibe akaunti ya ku banki kumbuyo kwake, ambiri salola kuwonjezeramo ndalama, ndipo pogula munthu amalipira kandalama kena kapamwamba kuwonjezera pa mtengo wolembedwawo.

Tsopano vuto lili apa. Mawu amodzi omwewo, kutsegula, amagwiritsidwa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana, zochitidwa ndi anthu osiyana, ndipo khadi likakana muyenera kudziwa kuti chasowa ndi chiti.

Choyamba chimachitika pa kauntala, ndipo ndi ntchito ya wogula ndi kashiya. Kashiya amadutsitsa khadi pa makina, wogula amalipira, kenako makinawo amatumiza uthenga ku kompyuta ya kampani ya khadi kuti nambala yakuti-yakuti tsopano ili ndi ndalama zakuti. Uthengawo ukafika, khadi ladzuka. Nthawi zambiri zimatheka pompopompo, ngakhale makhadi ena amatenga maola, ena mpaka tsiku lathunthu. Koma inu mukudziwa mmene netiweki imachitira. Zimachitika kuti ndalama zalandiridwa koma uthenga sunafike, kapena kashiya wotopa sanamalize zonse zofunika. Wogula amatuluka ndi pulasitiki yakufa osadziwa, amaikulunga bwinobwino, wolandirayo n'kudzazindikira patatha miyezi iwiri. Apa mboni yanu ndi imodzi yokha: lisiti. Pa lisitilo, kapena pa kapepala kena kamene kamatuluka nalo, pamaoneka kuti khadi latsegulidwa, mtengo wake, komanso manambala ena a khadilo. Popanda lisiti, sitolo ilibe chifukwa chokukhulupirirani, pakuti wakuba amene wangothothola khadi pashelefu anganenenso mawu omwewo akuti "ndinalipira". Ndiye mukamalankhula ndi abale anu akunja, auzeni kuti lisiti lizibwera m'envulopu momwemo, ndipo iwo azisunga chithunzi chake mu foni.

Chachiwiri ndi ntchito ya wolandira. Makhadi ena, makamaka amene agulidwa pa intaneti n'kutumizidwa pa positi, amabwera ndalama zili kale koma atakiyidwa dala, kuopa kuti wina angalitsegule m'njira. Pamakhala kapepala komata kutsogolo konena kuti muimbe nambala yakuti kapena mupite pa tsamba lakuti la pa intaneti. Kumeneko mumalemba nambala ya khadi, mwezi ndi chaka chothera, ndi manambala a kumbuyo aja. Makhadi ena amafunanso kuti mulembetse adiresi, chifukwa masitolo a pa intaneti a ku America ndi ku UK amayerekeza nambala ya dera imene wogula walemba ndi imene kampani ya khadi ikuidziwa. Zikasiyana, kapena ngati simunalembetse n'komwe, malonda amakanika ngakhale ndalama zilimo. Amene mukukumbukira kalembera wa masimukhadi wa 2018, pamene tinkaima pamizere ndi ziphaso zaunzika kuti manambala athu asatsekedwe, mukumva zimene ndikunena. Simukhadi inali m'manja mwako, mayunitsi alimo, koma kampani inkafuna kudziwa mwiniwake.

Pamenepa ndi pamene pali mbuna yozama, ndipo ophunzira mumvetsetse chifukwa ndinu amene makolo amakupatsani foni kuti "tatithandiza apa". Musalembe pa Google mawu ofunsa kotsegulira khadi n'kudina choyamba kutuluka. Akathyali amapanga masamba ofanana kwambiri ndi enieni, mitundu yake ndi zizindikiro zake zomwezo, ndipo nthawi zina amalipira kuti tsamba lawolo lizioneka pamwamba. Mukalembapo manambala anu, tsambalo limakuuzani kuti dikirani pang'ono kapena yesaninso mawa. Mawalo mudzapeza ziro. Adiresi yoyenera ndi imene yadindidwa kumbuyo kwa khadi lenilenilo. Ikopereni chilembo ndi chilembo, muiwerengenso kachiwiri musanadine. Ndipo tsamba loona silingakufunseni nambala yachinsinsi ya ku banki, ya Mpamba kapena ya Airtel Money. Likafunsa zimenezo, tsekani.

Chachitatu ndi cha makhadi monga a Google Play, Apple, Amazon kapena a masewera a PlayStation. Awa nthawi zambiri simupita nawo pa kauntala. Mumakanda kumbuyo kapena kumatula kapepala, n'kulemba zilembo ndi manambala mu akaunti yanu, monga momwe timathirira mayunitsi. Ndalama zimachoka pa khadi n'kulowa mu akauntiyo, ndipo khadilo latha ntchito. Zikalowa sizibwerera. Mukalakwitsa n'kuthira mu akaunti ya mnzanu amene anabwereka foni dzulo osatulukamo, mwamupatsa mphatso. Yang'anani dzina la akaunti kaye.

Tibwerere kwa mayi aja. Khadi lawo linali lotsegulidwa bwinobwino pa kauntala, lisiti mlongo wawo anali nalo. Chimene chinawagwetsa ndi malire a dziko. Ganizirani za magetsi olipiriratu a ESCOM. Manambala 20 amene mumagula amagwira pa mita yanu yokha. Mukawalemba pa mita ya aneba amakana, ngakhale kuti ndalama munalipiradi ndipo manambalawo ndi enieni. Makhadi a mphatso ambiri anamangiriridwa choncho ku dziko limene anagulidwa ndi ku ndalama ya dzikolo. Khadi la Google Play logulidwa ku UK ndi mapaundi limafuna akaunti ya ku UK. La Apple logulidwa ku America limafuna akaunti ya ku America. La Amazon ya ku America siligwira pa Amazon ya ku UK, ngakhale kampani ndi imodzi. Makhadi ambiri a Visa a mphatso ogulitsidwa m'masitolo a ku America amalembedwa poyera kuti ndi a ku United States kokha. Kutsegula sikusintha zimenezi. Mukhoza kuchita zonse molondola, khadi n'kudzuka, koma n'kukanabe ku Limbe kapena ku Mangochi.

Ndikudziwa kuti anyamata ena akumwetulira powerenga izi, akuti pali njira: kugwiritsa ntchito VPN n'kulemba adiresi yabodza ya ku New York. Nthawi zina zimadutsa. Koma zimenezi n'zosemphana ndi malamulo amene munavomera potsegula akauntiyo, ndipo kampani ikakaikira imatha kuimitsa akaunti ndalama zili momwemo. Mukadandaula adzakufunsani lisiti ndi umboni wa komwe mumakhala. Mudzayankha chiyani?

Pali kuba kwina kumene kumakhudza abale athu ogulawo kuposa ife olandira, ndipo ndi kochenjera moti nditakumva koyamba ndinagwira pakamwa. Mbava imatenga makhadi akufa aja pashelefu, kupita nawo kunyumba, kutsegula mapaketi mosamala, kukopera manambala onse pamodzi ndi achinsinsi, kumatanso bwinobwino, n'kukawabwezera pashelefu pomwepo. Kenako imangodikira, ikuyang'ana pa kompyuta. Tsiku limene munthu wosalakwa wagula khadilo ndipo kashiya walitsegula, mbavayo imaona kuti ndalama zalowa n'kuzikokolola, mwina mphatsoyo isanakulungidwe n'komwe. Ena amamata kapepala ka mizeremizere yawo pamwamba pa mizere yeniyeni imene kashiya amadutsitsa pa makina, ndiye ndalama zimene mwalipira zimapita pa khadi limene lili m'thumba mwa wakubayo. Taonani: kutsegula kumene kunabwera kudzatseka mbava, mbava zakusandutsa belu lozidziwitsa kuti nsima yapsa. Wogula ayang'ane paketi ngati sinang'ambidwe kapena kumatidwanso, apapase pa mizerepo ngati palibe chomata, aone ngati pokanda paja sipanakhudzidwe, ndipo asanachoke pa kauntala ayerekeze manambala a pa lisiti ndi a pa khadi. Kumene amasunga makhadi kuseri kwa kauntala, ndi bwino kutenga a kumeneko. Wolandira naye aone ndalama zimene zilimo tsiku lomwelo, ndipo asachedwe kuligwiritsa ntchito.

Nthawi zina khadi limakana pa chifukwa chaching'ono. Mwatsala ndi $18 koma katundu ndi wa $20: makina ambiri satenga zimene zilipozo n'kukufunsani zotsala, amangokana zonse. Muuzeni kashiya kuti achotse $18 pa khadi, zotsalazo mulipire mwanjira ina. Pa mapampu a mafuta odzithirira wekha ndi m'mahotela amatsekereza kaye ndalama zochuluka kuposa zimene mugwiritse ntchito, n'kuzimasula patapita masiku. Timandalama totsalira pa makhadi timaoneka tochepa, koma anthu mamiliyoni akatiiwala, phindu limapita kwa makampani.

Nanga khadi limatha liti? Zimatengera dziko. Ku United States, lamulo la 2009 lotchedwa Credit CARD Act limati ndalama za pa khadi la mphatso zisathe mphamvu zisanakwane zaka zisanu, ndipo kampani isadule ndalama chifukwa chosagwiritsa ntchito pokhapokha patatha miyezi 12 khadi lili chigonere. Kumeneko tsiku lolembedwa pa pulasitiki likhoza kudutsa ndalama zikadalipo, ndipo mwiniwake amapempha khadi lina. Ku South Africa, gawo 63 la Consumer Protection Act ya 2008 limapereka zaka zitatu. Ku Ireland lamulo la 2019 limapereka zaka zisanu. Ku UK kulibe lamulo loika nthawi yotere, sitolo iliyonse imaika yake, ndipo makhadi ambiri amatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri. Palinso chinthu china chimene anthu saganizira. Khadi la sitolo ndi ngongole imene sitoloyo ili nayo kwa inu, ndipo sitolo ikagwa, inu mumaima pamzere wa angongole, kumbuyo kwenikweni. Mu January 2013, sitolo ya nyimbo ya HMV ku UK italowa m'mavuto a zachuma, inasiya kulandira makhadi ake amene anthu anali atangopatsana pa Khirisimasi. Inayambiranso kuwalandira patapita masiku anthu atadandaula kwambiri, koma si masitolo onse ogwa amene amatero. Khadi la mphatso si posungira ndalama.

Akuluakulu a komiti, ndime iyi ndi yanu. Popeza amene ali ndi manambala ndiye mwini ndalama, ndipo zikapita n'zovuta kuzilondola, akathyali amakonda kulipidwa ndi makhadi amenewa. Mu 2019 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linachenjeza anthu opembedza za chinyengo china. Munthu amatumiza uthenga akudzitcha m'busa, wansembe, rabi kapena imamu wa pamalopo, n'kunena kuti pali wodwala kapena wovutika, gulani makhadi a mphatso mwachangu, mukande kumbuyo, munditumizire chithunzi. Amawonjezera kuti ali pa msonkhano, musamuimbire. Ife kuno tili ndi abale kunja amene amathandiza pa zomanga ndi pa fizi ya ana amasiye, ndipo mayina ndi zithunzi za masheikh athu zili poyera pa Facebook. Sizovuta kuti wina avale dzina la Sheikh n'kulembera m'bale wathu wa ku Leicester kapena ku Durban. Ndikupempha kuti komiti iuze onse otithandiza, momveka bwino, kuti sukulu ino ndi mzikiti sizilandira thandizo kudzera m'manambala a makhadi, ndipo wolandira uthenga wotere aimbe pa nambala imene akuidziwa kale, amve mawu a munthuyo.

A Fomu 4, inunso konzekani. Mukamaliza MSCE mudzayamba kusaka maphunziro ndi ntchito zakunja, ndipo mudzakumana ndi "ofesi" zonena kuti malo apezeka, mungolipira ya fomu ndi khadi la Apple kapena Google Play. Palibe yunivesite, ofesi ya kazembe kapena ya msonkho imene imalipiritsa mwanjira imeneyi. Khadi la Google Play ndi logulira zinthu za Google Play. Za amene amagulitsa manambala pa WhatsApp pa theka la mtengo, dzifunseni kuti munthu angagulitse bwanji $50 pa mtengo wa $25 ngati anaigula ndi thukuta lake. Kawirikawiri nambalayo inagwiritsidwa kale ntchito, kapena inalandidwa kwa gogo wina amene anaopsezedwa pa foni kutsidya kwa nyanja. Tinaphunzira m'kalasi kuti katundu wakuba sasanduka halali chifukwa wadutsa m'manja ambiri, ndipo kudutsa pa foni sikumuyeretsanso. Chimodzimodzi mlendo wokupemphani kuti mumusinthire makhadi kukhala ndalama za Mpamba, inu mudyepo kenakake: akufuna dzina lanu ndi nambala yanu kuti ziime pakati pa iye ndi apolisi.

Maganizo anga ndi akuti khadi la mphatso ndi labwino kwa anthu okhala dziko limodzi, koma si mphatso yoyenera kutumiza kuno. M'bale amene akufuna kusangalatsa ana pa Eid atumize kudzera ku banki, ku Mukuru kapena ku Western Union, ndalama zifike zili makwacha oti n'kugulira nsapato pamsika. Ngati khadi lafika kale, musathamangire ku ATM. Litembenuzeni, muwerenge tizilembo tonse kapena mupeze wokuwerengerani, mufunse wotumizayo ngati lisiti ali nalo, ndipo musajambule khadilo n'kuika pa gulu la banja kuti anthu aone mphatso. Pa gulu pali anthu makumi anayi, ndipo chithunzi chimenecho ndi ndalama.

Mayi aja tinawathandiza motere. Tinaimbira mlongo wawo pa vidiyo kuti tione nkhope yake, kenako tinamuwerengera manambala iye akulemba. Analembetsa adiresi yake, anagulira khadilo zinthu za m'nyumba mwake pa intaneti, ndipo Lachisanu lotsatira anatumiza ndalama zofanana nazo mwanjira yanthawi zonse. Chimene chinatayika ndi kandalama kapamwamba kamene analipira pogula khadi, ndalama yotumizira, ndi ya minibasi maulendo awiri. Wopatsiridwa uja anapepesedwa. Khadilo anandisiyira, lili mu dirowa yanga ku ofesi ya aphunzitsi, ndipo amene akufuna kuona tizilembo tija ndi maso ake abwere nthawi ya buleki.